Wadzuka Miyendo Itakana: Ndi Ulesi Kapena Ufiti?

Mnyamata wazaka 15 wasewera mpira masana onse, madzulo wadya nsima mpaka kukhuta. M'mawa akulephera kudzuka pamphasa. Akuona, akumva, akulankhula bwinobwino, koma miyendo ndi mikono yakana. Pofika masana wayamba kuyenda ngati palibe chachitika.

Ena pakhomo amati akuthawa khasu. Zikabwereza kangapo, ena amati afiti akumulimitsa usiku. Sitingawaseke, chifukwa ndi matenda anji obwera mbandakucha n'kuchoka okha?

Komatu alipo. Madokotala amawatcha hypokalemic periodic paralysis, ndipo amagwira munthu pafupifupi mmodzi mwa anthu 100,000. Pakhungu la selo iliyonse ya mnofu pali timakomo tating'onoting'ono todutsira michere ya m'thupi monga kashiamu, sodiyamu ndi potaziyamu, ndipo kudutsa kwa michereyi n'kumene kumadzutsa mnofu ubongo ukalamula. Odwalawa amabadwa timakomo tina tili tolakwika. Ambiri vuto lawo lili mu jini (malangizo a m'maselo amene timatengera kwa makolo) yotchedwa CACNA1S, yomwe asayansi anaigwirizanitsa ndi matendawa mu 1994. Munthu akapuma pambuyo pa ntchito yolemetsa, kapena akadya chakudya chokhutitsa chambiri, potaziyamu amachoka m'magazi n'kulowa m'maselo, mnofu n'kusiya kumvera kwa maola, pena masiku. Nsima ilibe mlandu. Imangoulula vuto limene munthu anabadwa nalo.

Agogo akamati "izi n'zakumtundu", pamenepo alasa. Kholo lodwala likabereka mwana, mpata woti mwanayo atengere jiniyo ndi theka, ndipo zizindikiro zimaoneka kwambiri mwa amuna kuposa akazi. Koma si temberero, ndiponso sungawatenge pogonera mphasa imodzi ndi wodwala.

Pali chikhulupiriro china choopsa, chakuti popeza amatha okha palibe chifukwa chopitira kuchipatala. Potaziyamu akatsika kwambiri, mtima ungagunde mosokonekera, kupuma kungavutenso. Mankhwala alipo, monga acetazolamide, amene amathandiza ena kuti vutoli lisamabwere pafupipafupi. Kumwa potaziyamu mwachisawawa ayi: pali mtundu wina, hyperkalemic periodic paralysis, umene potaziyamu amaukulitsa.

Makolo, mwana akadzuka chonchi musadikire kuti ayambe kuyenda. Pitani naye kuchipatala ziwalo zikadali zofooka, chifukwa nthawi imeneyo ndi pamene magazi amaonetsa kutsika kwa potaziyamu, ndipo muuzeni dokotala ngati wachibale wina anadwalapo chimodzimodzi.