Kasungidwe ka Zithunzi m'Foni ndi m'Kompyuta

Masiku akale, mnyamata wocokera kwa Nyalugwe akalembedwa nchito pa mgodi wa Nkana kapena wa Mufulira, sanali kuiwala kupita kwa wojambula atalandira malipiro oyamba. Anali kubvala jekete, mwina lobwereka, naimirira pambali pa mpando, nkhope iri gwa. Cithunzi cinali cimodzi, ndipo cinali kuyenda m'kalata kufikira ku mudzi, kumene amai ace anali kucisunga pansi pa sutukesi pamodzi ndi kalata ya ubatizo. Wojambula uja anali kusunga filimu m'kabati mwace, kotero kuti cithunzi cikadyedwa ndi ciswe anali kukhoza kutsuka cina.

Lero mdzukulu wa munthu uja ayenda ndi zithunzi zikwi zingapo m'thumba, koma tsiku limene afuna cimodzi sacipeza. Nkhani yotere imveka kawiri-kawiri m'makomboni. Uthenga ufika kuti amalume amwalira ku Kacholola, ndipo abale afuna cithunzi coti aike pa pepala la maliro kapena pa mwala wa pamanda. Mwini foni afufuza usiku wonse. Cimene apeza mbandakuca ndi kacithunzi kosaoneka bwino, kamene mwana wina anakakongoletsa ndi maluwa, nalemba mau a Khrisimasi pamphumi pa nkhalambayo. Cithunzi ceni-ceni cinapita ndi foni yakale imene inagulitsidwa. Bvuto limeneli liri ndi mankhwala ace, ndipo ambiri a mankhwalawo sagulidwa ndi ndalama.

Poyamba kuyenera kudziwa cimene cithunzi ciri m'kati mwa makina. Ciri timadontho ta mitundu-mitundu tondandalikidwa m'mizere monga mikanda. Foni yolembedwa kuti 12 MP ijambula timadontho mamiliyoni 12 pa cithunzi cimodzi. Kuti zithunzi zisadzaze malo msanga, makina azisunga m'njira yochedwa JPEG, imene akatswiri anapangana m'caka ca 1992. Nzeru ya JPEG ndiyo kutaya: itaya tinthu tating'ono timene diso silitha kuona bwino, ndipo failo icepa. Kungotsegula cithunzi ndi kuciona sikuononga kanthu, ngakhalenso kucikopera ku makina ena. Cimene cionongetsa ndico kucikonza ndi kucisunganso pamwamba pa cakale, popeza nthawi iri yonse makina atayanso zina. Kuli monga mapira opetedwa kawiri-kawiri: pa kupeta koyamba agwa mankhusu, koma pa kupeta kwacisanu zigwa ndi njere zomwe.

Cifukwa cace lamulo lalikulu ndi limene mlimi ali yense wa ku Nyimba alidziwa kale, kuti mbeu sidyedwa. Cithunzi monga cinaturukira m'kamera ndico mbeu, ndiponso ndico cilowa m'malo mwa filimu ya wojambula wakale. Munthu wofuna kucidula, kuciwalitsa kapena kulembapo mau ayenera kuyamba wacikopera, nagwira nchito pa cokoperaco. M'kompyuta mau oyenera kusankha ndiwo Save As, napatsa failo dzina lina. M'mafoni ambiri alembedwa kuti Save copy. Amene adina Save cabe aika mbeu yace m'mphika.

Mapulogalamu okonzera zithunzi alipo ambiri. Wochuka koposa ndiwo Photoshop, umene anaupanga abale awiri a ku America, Thomas ndi John Knoll, ndipo kampani ya Adobe inayamba kuugulitsa mu 1990. Kuyambira 2013 munthu aulipira monga lendi, mwezi ndi mwezi kapena caka ndi caka. GIMP, umene anauyamba ophunzira awiri a ku Berkeley nauturutsa mu 1996, ndi waulere, ndipo ukwanira nchito zambiri za munthu wojambula pa boma la Petauke kapena la Nyimba. M'foni muli Snapseed, waulerenso. Mapulogalamu a m'kompyutawa ali ndi cinthu cimodzi cimene anthu ophunzira okha amacilumpha, ndico kusanjika. Cithunzi cikhala monga magalasi oonekera oikidwa limodzi pamwamba pa linzace: pa galasi la pansi pali nkhope, pa lina pali mau, pa lina pali maluwa. Acingerezi amawacha ma-layer. Dzina likalakwika, munthu acotsa galasi la mau lokha, nkhope osaikhudza.

Komatu JPEG sidziwa magalasi. Imata zonse pamodzi, ndipo zikamatidwa ziri monga nsima yobvundula kale, imene ufa wace subwereranso m'licero. Ndico cifukwa cace pulogalamu uli wonse uli ndi failo yace-yace yosunga magalasi ali padera: ya Photoshop ithera ndi PSD, ya GIMP ithera ndi XCF. Mafailo amenewa ndi akulu, ndipo mbale wa ku mudzi akatumiziridwa sadzaona kanthu m'foni mwace. Tsono cithunzi cimodzi cokonzedwa bwino cikhala ndi matupi atatu: mbeu, failo yogwirirapo nchito, ndi JPEG yotumiza kapena yosindikiza. Ndi nzeru kuzipatsa mafoda atatu ndi kusazisakaniza. Anthu ambiri oyamba GIMP amakwiya poona kuti Save ikana kuwapatsa JPEG. Sikuti pulogalamu wafa ai. Kuyambira 2012 eni ace anaika dala kuti Save isunge XCF yokha, ndipo wofuna JPEG asankhe Export. Anacita bwino, popeza motero munthu samata magalasi ace mosadziwa.

Tsopano za maina, pamene pagona cisokonezo cacikulu. Kamera ndi mafoni ena acha zithunzi ndi manambala anai, monga IMG_4417, ndipo zikafika pa 9999 ayambanso pa 0001. Mwamuna ndi mkazi wace akathira zithunzi za m'mafoni ao m'foda imodzi, maina ena afanana, ndipo kompyuta ifunsa ngati cilowe m'malo mwa cinzace. Munthu wotopa ndi nchito ya usiku abvomera osawerenga, ndipo cithunzi ca ubatizo cifafanizidwa ndi cithunzi ca nkhuku. WhatsApp nayo iri ndi macedwe ace, monga IMG-20240312-WA0007, koma tsiku limene liri m'dzinamo ndi tsiku limene cithunzi cinafika m'foni, ngakhale cinajambulidwa zaka khumi zapitazo.

Dzina labwino liyamba ndi caka, kenaka mwezi, kenaka nkhani ndi malo, motere: 2024-05-ukwati-Nyimba-01. Caka citsogola cifukwa makina andandalika maina poyang'ana zilembo zoyamba. Akayamba ndi tsiku, zonse za pa 5 mwezi uli wonse wa zaka zonse ziunjikana pamodzi. Akayamba ndi caka, zithunzi ziima zokha m'mzere monga zinacitikira. Ziro wa patsogolo nayenso ali ndi nchito, popeza mapulogalamu ena aika 10 ndi 11 patsogolo pa 2, koma 01, 02 kufikira 11 saphonya. Maina onga “catsopano” kapena “comaliza” ndi opanda pace. Mwezi wamawa kudzakhala “comaliza ceni-ceni”, ndipo mwini wace yemwe sadzadziwa cimene ciri comaliza. Mafoda asacuruke kulowana. Caka, ndi m'kati mwace nkhani iri yonse, zikwanira. Cithunzi coikidwa m'foda ya m'foda ya m'foda citayika cimodzimodzi ndi cimene sicinaikidwe pena pali ponse.

Pali funso limene mafoda satha kuyankha. Cithunzi ca agogo pa ukwati wa ku Nyimba cikhale m'foda ya ukwati kodi, kapena ya agogo? Mapulogalamu onga Adobe Bridge, Lightroom ndi digiKam, umene uli waulere, alola munthu kumangirira mau pa cithunzi osacisuntha, mau ochedwa ma-tag kapena ma-keyword. Cithunzi cikhala m'foda ya ukwati, koma cinyamula dzina la agogo, la mudzi ndi la ciwongo cao, ndipo wofufuza dzina liri lonse mwa amenewa acipeza. Nchito imeneyi ndi yotopetsa, ndipo iri ndi nthawi yace imene ipita. Mwana wobadwira ku Kitwe kapena ku Solwezi sadziwa mai wacitatu kucokera kumanzere, koma agogo a ku mudzi amdziwa, adziwanso amene anambala ndi kumene anakwatiwa. Kwa Ansenga, kumene mbumba iwerengedwa kucikazi, dzina limodzi lotere likhoza kuongola mlandu wa munda. Wopita ku chuthi akhale pansi ndi akulu, foni m'manja, nalembe maina iwo akali ndi maso.

Kutumiza kuli ndi msampha wace. Cithunzi cotumizidwa pa WhatsApp mwa masiku onse cicepetsedwa kuti cisadye mabandulo, ndipo cikadutsa m'mafoni anai cifika citatha. M'kagalasi ka foni cioneka cokongola ndithu, koma ndi cikomekome ca mkuyu. Pa pepala lalikulu nkhope iphwanyika m'timabokosi. Kusindikiza bwino cithunzi ca masentimita 10 kwa 15 kufuna timadontho ngati 1200 kwa 1800, ndipo cacikulu copacika pa khoma cifuna tocuruka koposa. Mu 2023 WhatsApp inaonjeza kabatani ka HD, kamene kathandiza pang'ono, koma njira yotumiza mbeu yathunthu ndiyo kusankha Document m'malo mwa Gallery.

Njira ya Document isunganso cinthu cina cosaoneka. M'kati mwa failo iri yonse kamera ilemba tsiku, ola, mtundu wa foni, ndiponso malo ngati mwini analola. Zolembedwazi zichedwa EXIF, ndipo kutumiza kwa masiku onse kuzifafaniza. Kwa anthu a kwa Nyalugwe ici si cinthu copepuka. Mbali ya dziko lao iri m'dera la nyama la West Petauke, ndipo njobvu sizidziwa malire a munda. Mlimi wokanena kwa alonda a nyama kapena ku Community Resources Board za cimanga copondedwa, kapena wokaima pamaso pa mfumu ya mudzi pa mkangano wa malire, ali ndi mboni yabwino ngati cithunzi cace cikali ndi tsiku ndi malo ace. Cithunzi cotere cisakonzedwe konse, ngakhale kuciwalitsa cabe, cifukwa mnzace wa mlandu akangoti cinakhudzidwa, anthu ayamba kukayika conse. Ayeneranso kuona kuti tsiku la m'foni liri loona, popeza foni yokhalitsa yopanda moto nthawi zina ibwerera ku caka ca kale, nilemba bodza pa zithunzi zonse. Mbali yina ya nkhaniyi njakuti failo yonyamula malo ikhoza kuuza mlendo pamene pali nyumba, motero siyenera kupatsidwa kwa munthu wamba.

Kwa iwo amene kujambula ndiyo nchito yao, pulogalamu uyenera kukonzedwa monga mmisiri wa matabwa akonza benchi lace, sowo ndi nyundo pafupi, zosowa nchito kutali. Photoshop ilola munthu kuika zida pamene afuna ndi kusunga kaikidweko pansi pa Workspace, ndipo GIMP ikumbukira pamene mazenera anasiyidwa. Mabatani a cidule apulumutsa nthawi, makamaka Ctrl ndi Z, amene abweza cimene munthu walakwa. Wojambula ana a sukulu makumi asanu asabwereze nchito imodzi kasanu ndi kasanu. Photoshop iri ndi Actions, imene iloweza masitepe a cithunzi coyamba niwacita pa zonse zotsala. Pepala la maliro kapena la ukwati lisungidwe monga failo ya magalasi yopanda dzina ndi nkhope, kuti wofedwa wobwera m'mawa asadikire kufikira madzulo. Za kuyeretsa khungu, zimene ojambula ena azikonda, pali codandaulitsa: mai wakuda bwino aturuka woyera monga wodwala, ndipo adzukulu adzakula osadziwa nkhope yace.

Zonsezi zipita pacabe ngati zithunzi ziri pa malo amodzi okha. Foni ibedwa pa siteshoni ya basi, igwa m'madzi, kapena ingofa. Akatswiri alangiza kuti cithunzi cofunika cikhale m'malo atatu, ndipo amodzi mwa malowo akhale kunja kwa nyumba: m'foni kapena m'kompyuta, pa fulashi kapena memori khadi, ndi pa intaneti kapena kwa mbale wa ku tauni ina. Google ipatsa munthu malo aulere okwana 15 GB, ogawana ndi makalata a Gmail, ndipo kuyambira pa 1 Juni 2021 zithunzi zatsopano zonse ziwerengedwa m'malo amenewo. Kuyambira Disembala 2023 kampaniyo ikhoza kufafaniza akaunti yokhala zaka ziwiri osatsegulidwa, motero mau obisika olowera ayenera kulembedwa pa pepala limene mkazi kapena mwana wamkulu adziwa pamene liri. Makhadi ochipa kwambiri a pa msika acenjeredwe, popeza ena alembedwa malo ambiri amene alibe, ndipo akadzaza ayamba kuononga zithunzi mwakacetecete. Khadi latsopano liyesedwe pothiramo zambiri ndi kuzitsegulanso.

Pa kutha kwa caka, mwini foni asankhe zithunzi khumi kapena makumi awiri zoposa zonse nakazisindikize. Kumbuyo kwace alembe maina, malo ndi caka, ndipo alembe ndi pensulo yofewa, osadinikiza, cifukwa inki imadutsa pepala m'nyengo ya dzinja. Zina asunge m'nyumba, m'citini cotsekeka bwino cimene ciswe sicilowa. Zina apatsire wokwera basi ya kum'mawa, kuti akaoloka mlatho wa Luangwa akazitule kwa amai ku mudzi, kumene kucaja foni kufuna ulendo.