Kugulitsa galimoto yaliwiro yosinthidwa injini: wogula ayamba wafunsa mapepala

Alimi a ku Macanga akagulitsa fodya, a ku Tsangano nakumba mbatatesi, ndalama zimayenda m'midzi, ndipo eni galimoto amadziwa kuti nthawi yotsatsa yakwana. Pakati pa malole ndi njinga zamoto pamapezekanso galimoto zaliwiro monga Subaru Impreza WRX, zina zobwera ndi anyamata ogwira ntchito ku Johannesburg. Zambiri zimakhala zosinthidwa: turbo yaikulu, paipi ya utsi yokokoma, thupi lotsitsidwa mpaka mimba kutsala pang'ono kukhudza pansi.

Mwini wake akamagulitsa yekha amaphatikiza pamtengo ndalama zonse zimene adalowetsa kwa amakaniko. Wogula sawerengera choncho, ndipo ali ndi chifukwa. Turbo ndi kagudumu kozunguzidwa ndi utsi wa injini, kamene kamakankhira mpweya wambiri mkati kuti mafuta apse mwamphamvu. Kamazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi, choncho kamafuna oyilo waukhondo ndi sefa yabwino ya mpweya. Kumapiri kumene mpweya ndi wopepuka kamathandizadi, koma fumbi la m'misewu yopita ku Furancungo ndi petulo wa m'mabotolo wosadziwika kochokera zimakapha msanga. Injini yowonjezeredwa mphamvu imathanso mofulumira, ndipo aliyense amaganiza kuti idathamangitsidwa kale. Nanga galimoto yotsitsidwa ingawoloke matope a mwezi wa Januwale ndi matumba a feteleza? N'chifukwa chake wogulitsa amene adasunga zipangizo zoyambirira ndi malisiti a kugalaja amapeza wogula msanga.

Chachikulu chili m'mapepala. Mu livrete mumalembedwa nambala ya injini, nambala ya chassis, mtundu wa penti ndi mafuta amene galimoto imamwa. Malamulo a pamsewu a dziko la Mozambique, Decreto-Lei 1/2011, salola kusintha zinthu zotere popanda chilolezo. Galimoto imayenera kuunikidwa, ndipo bungwe la INATRO ndilo limakonza livrete kuti igwirizane ndi zimene zili pagalimotoyo. Injini ikasinthidwa mwakachetechete, nambala zimasiyana, ndipo wapolisi akatsegula boneti amayamba kuganiza za kuba. Wogula wochenjera amapukuta mafuta pa injini, nawerenga yekha nambalayo, livrete ili m'manja.

Pepala lachiwiri ndi título de propriedade, losonyeza mwini. Kalata yolemberana pansi pa mtengo, ngakhale mfumu ichitire umboni, sisintha dzina limeneli. Awiriwo amasaina chikalata chogulitsana, masiginecha natsimikizidwa kwa notário, kenako dzina limasinthidwa ku Conservatória. Akapanda kutero, galimoto ikagunda munthu apolisi amafika pakhomo pa amene adagulitsa, pomwe ndalamazo adadya kale.

Malire nawo amasokoneza anthu. Ku Biriwiri mabanja ali mbali zonse ziwiri, ndipo munthu wa ku Ntcheu akhoza kukhala mlamu. Koma galimoto ya nambala ya ku Malawi kapena ku South Africa imalowa ndi chilolezo cha kanthawi, chimene sichilola kuigulitsa. Kuti isanduke ya kuno, msonkho wa ku Alfândega ulipiridwe ndipo ilembetsedwe mwatsopano. Yopita ku Malawi nayo imakumana ndi MRA. Galimoto yotsika mtengo modabwitsa nthawi zambiri ndi imene idalumpha zimenezi, ndipo imatha kulandidwa kwa wogula.

Pa tsiku lolipira, wogulitsa asakhulupirire uthenga wa pafoni wonena kuti ndalama zalowa, chifukwa mauthenga abodza a M-Pesa ndi e-Mola ndi osavuta kupanga. Aone yekha mu akaunti, makamaka ali kubanki masana, pamaso pa mboni. Wofuna kuyesa galimoto aonetse chiphaso choyendetsera ndi BI yake, ndipo mwini wake akhale naye m'galimotomo mpaka abwerere.