Magetsi Oyenda Pamalire a Okusaidi Ziwiri

Okusaidi imapangika chitsulo chikaphatikizana ndi okosijeni, ndipo dzimbiri ndi chitsanzo chake chodziwika. Okusaidi zambiri sizilola magetsi kudutsa, koma zikayalidwa mopyapyala kwambiri, khalidwe lake limatha kusintha.

Mu 2004, Akira Ohtomo ndi Harold Hwang a ku Bell Labs ku America anafalitsa zimene anapeza atayala okusaidi yotchedwa LaAlO3 pamwamba pa ina yotchedwa SrTiO3. Chilichonse pachokha chimatsekereza magetsi, koma pamalire pomwe ziwirizi zakhudzana, maelekitironi ankayenda momasuka. Chochititsa chidwi kwambiri ndi makulidwe a LaAlO3. Mu 2006 ofufuza a ku Augsburg anaonetsa kuti miyalo itatu ya LaAlO3 sikwanira, koma wachinayi ukangoikidwa, magetsi amayamba kuyenda. Mu 2007 zinapezeka kuti malirewo akaziziritsidwa kufika pafupifupi 0.2 kelvin, magetsi amadutsa popanda chopinga chilichonse. Panaonekanso zizindikiro za maginito, ngakhale kuti okusaidi ziwirizi pazokha zilibe mphamvu imeneyi.

Za gwero la maelekitironiwa akatswiri amasiyana maganizo. Ena amati amasamuka kuchokera pamwamba pa LaAlO3, pomwe ena amaloza mipata yosiyidwa ndi maatomu a okosijeni amene anachoka.