Kuwonkhetsa Ndalama za Kalabu

Anzanga, tsopano mukudziwa kuwerenga ndi kulemba. Mwina a kalabu ya alimi adzakusankhani kukhala mlembi kapena msungichuma. Kodi mudzadziwa bwanji ndalama zimene munthu aliyense wabweza pa ngongole yake? Tiyeni tione.

Mlembi wabwino amasunga mabuku awiri. Buku loyamba ndi kaundula wa maina. M'menemo timalemba dzina la membala, mudzi wake ndi ngongole imene anatenga. Munthu aliyense amalembedwa kamodzi kokha, ndipo amapatsidwa nambala yake. Buku lachiwiri ndi la ndalama zobweza. Munthu akabweretsa ndalama, timalemba tsiku, nambala yake ndi ndalamazo pa mzere watsopano.

Chimene chimalumikiza mabuku awiriwa ndi nambala ija. M'mudzi umodzi mungakhale a Phiri atatu, koma nambala 7 ndi ya munthu mmodzi basi.

Nachi chitsanzo. Membala nambala 7 anatenga ngongole ya K60,000. M'buku lachiwiri tifune mizere yonse ya nambala 7, ina tiisiye.

Meyi: K20,000
Juni: K15,000
Julayi: K10,000

Tikawonkhetsa tipeza K45,000. Tichotse K45,000 pa K60,000. Ngongole yotsala ndi K15,000.

Apa chenjerani. Ena amalemba ngongole ija pa mzere uliwonse, kenaka nkuiwonkhetsanso. Akatero K60,000 imasanduka K180,000, munthu nkumufunsa ndalama zimene sanatenge. Milandu yambiri m'magulu imayamba chonchi, popanda wakuba. Ngongole ndi imodzi, iwerengedwe kamodzi.

Pofuna kutsimikiza, wonkhetsani kawiri. Poyamba wonkhetsani potsata anthu. Tinene kuti amene abweza ndi atatu: nambala 7 wabweza K45,000, nambala 8 K30,000, nambala 9 K25,000. Zonse pamodzi ndi K100,000. Kachiwiri wonkhetsani potsata miyezi: Meyi K40,000, Juni K35,000, Julayi K25,000. Zakwananso K100,000. Mayankho awiriwa ayenera kufanana. Akasiyana, pali mzere umene mwaudumpha kapena mwauwerenga kawiri. Bwererani musanaitane msonkhano.

Kompyuta za ku banki ndi m'maofesi zimagwira ntchito m'njira yomweyi. Kalaliki akalemba nambala yanu, pa galasi pamatuluka fomu. Pamwamba pali dzina lanu lochokera mu kaundula. Pakati pali mizere ya ndalama zanu. Pansi pali zonse pamodzi, kompyuta itawonkhetsa yokha. Ndi chifukwa chake amakufunsani nambala. Chiphaso cha unzika, chimene anthu ambiri m'Malawi analembetsa m'chaka cha 2017, nachonso chili ndi nambala ya mwini wake yekha.

Komatu kompyuta imawonkhetsa zimene yapatsidwa. Kalaliki akalemba 8 m'malo mwa 7, ndalama zanu zipita pa dzina la mnzanu. Tsono mukalandira risiti, musangoipinda. Werengani nambala, tsiku ndi ndalama. Sungani marisiti onse pamalo amodzi, ndipo muziwonkhetsa nokha kunyumba.

Mafunso
1. Kodi ndi chiyani chimalumikiza mabuku awiri a kalabu?
2. Membala nambala 8 anatenga K50,000. Watsala ndi ngongole ya ndalama zingati?
3. Mayankho awiri akasiyana, mlembi achite chiyani?