ANZATHU OSAONEKA A M'MATUMBO: Gawo Lachiŵiri

M'gawo lapitali tinalongosola m'mene chakudya chimagayidwira. Lero tifunse funso lina: kodi chimene chimauza munthu kuti wakhuta nchiyani? Ambiri adzati ndi mimba ikadzaza. Zoona, koma nkhaniyi sithera pomwepo ayi.

M'matumbo aakulu a munthu mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa mabakiteriya. M'chaka cha 2016 akatswiri anaŵerengera kuti munthu wamkulu ali nato pafupifupi mathiriliyoni 38, ndipo tonse pamodzi timalemera magalamu 200. Tambiri mwa ito sitidwalitsa, koma timatigwirira ntchito.

Mu gaga, nyemba, nandolo ndi masamba muli zinthu zonga ulusi zimene thupi silingathe kugaya palokha. Zimenezi ndizo chakudya cha tizilomboti. Pozidya timatulutsa timadzi ta asidi timene timachititsa khoma la matumbo kutulutsa mahomoni aŵiri, GLP-1 ndi PYY. Mahomoniŵa amafikitsa uthenga ku ubongo kudzera m'magazi ndi m'mitsempha, wonena kuti, "Basi, zakwana." Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene nsima ya mgaiwa ndi nyemba imakhalitsira m'mimba, pamene wodya buledi woyera ndi tiyi wa shuga amamva njala dzuŵa lisanafike pamutu.

M'chaka cha 2006 gulu la Jeffrey Gordon ku St. Louis, m'dziko la America, linatenga tizilombo ta mbeŵa zonenepa n'kutiika mu mbeŵa zoleredwa popanda kachilombo kalikonse. Mbeŵazo zinachita mafuta kuposa zinzake zimene zinalandira tizilombo ta mbeŵa zoonda. M'chaka cha 2013 gululi linafalitsa zimene linapeza pa magulu 317 a mapasa a kuno ku Malaŵi. Mbeŵa zimene zinalandira tizilombo ta ana odwala kwashiokoro, n'kumadyetsedwa chakudya chopereŵera chonga cha anawo, zinaonda kwambiri. Choncho mwana wonyentchera angathe kuvutika paŵiri: chakudya chochepa m'mbale, ndiponso tizilombo tosokonekera m'matumbo.

Phunziro lake nlapafupi. Tisanyoze mgaiwa poyesa kuti ufa woyera ndiwo wa anthu ophunzira. Bonongwe, nkhwani, khobwe ndi zipatso zisasoŵe pakhomo. Ndiponso tileke kugula makapisozi pamsika popanda uphungu wa kuchipatala, pakuti mankhwala otere amapha tizilombo tabwino pamodzi ndi toipa. Aphunzitsi, uzani ana anu kuti akamadya sadya okha.

M'gawo lotsatira tidzaona m'mene mkaka wa m'maŵere umalerera tizilomboti mwa khanda.