GALIMOTO YA LIWIRO YA KU JAPAN IRI NDI MITENGO ITATU

Wolemba Mtolankhani Wathu, Zomba

Munthu akaima m'mbali mwa mseu wokwera phiri la Zomba tsiku Loweruka madzulo, sachedwa kumva mkokomo wa injini yosiyana ndi ya minibasi kapena ya lole yonyamula matabwa. Ikatulukira imakhala galimoto yogwada pansi, yonyezimira, ya matayala otambalala, ndipo woyendetsa wake kawirikawiri ndi mnyamata yemwe uja amene Lolemba m'mawa timampeza atavala tayi mu ofesi ya Boma, kapena ataima ndi choko patsogolo pa ana a sukulu.

Magalimoto otere amachokera ku Japan atagwirako kale nchito, ndipo anyamata ambiri a pa nchito akuwasirira. Funso limene akalaliki ndi aphunzitsi akufunsana ndi ili: kodi munthu wodalira malipiro a pa mwezi angathe kugula galimoto yotere ndi kuisunga, banja lake osagona ndi njala? Angathe ndithu, koma pokhapokha atadziwa kuti galimotoyo iri ndi mitengo itatu: wa ku Japan, wa pa chipata cha dziko, ndi wa mwezi ndi mwezi. Woyambawo ndiwo umaoneka pa intaneti. Wachitatuwo ndiwo umagwetsa anthu.

MTENGO WA KU JAPAN

Ku Japan kuli lamulo lochedwa shaken, lakuti galimoto yatsopano ikatha zaka zitatu iyenera kupimidwa, ndipo kuyambira pamenepo imapimidwanso zaka ziwiri ziri zonse. Kupimako pamodzi ndi misonkho yake kumadya ndarama zambiri, kotero kuti eni ake ambiri amasankha kugulitsa galimoto ikadali ndi mphamvu. Popeza a Japan amayenda kumanzere kwa mseu monga ife, chiongolero chiri kumanja, magalimoto ao amatiyenera osasintha kanthu.

Amene anyamata amawachula kwambiri ndi Subaru Impreza WRX ndi Mitsubishi Lancer Evolution, amene anayamba kupangidwa m'chaka cha 1992; Toyota Altezza, ya 1998 mpaka 2005; Mazda RX-8, ya 2003 mpaka 2012; ndi Toyota 86, imene inatuluka mu 2012. Ena amaonjezerapo Toyota Mark X, ngakhale iyo ndi galimoto ya banja ya injini yaikulu chabe. Mbiri ya magalimoto a liwiro a ku Japan muno mu Afirika ndi yakale, pakuti Datsun 240Z inapambana mpikisano wa Safari ku Kenya mu 1971 ndi mu 1973. Pambuyo pake Colin McRae anakhala katswiri wa dziko lonse mu 1995 akuyendetsa Subaru, ndipo Tommi Mäkinen anatenga ulemu womwewo zaka zinai zotsatana, 1996 mpaka 1999, ali mu Mitsubishi.

Koma si onse amene akali otsika mtengo. Dziko la America limalola kulowa kwa galimoto yotere ikakwanitsa zaka 25, ndipo chifukwa cha ichi anthu olemera a kumeneko akulimbirana magalimoto akale ochuka. Nissan Skyline GT-R ya mtundu wa R34, imene inayamba mu 1999, inayamba kuloledwa kumeneko mu 2024, ndipo mtengo wake unali utakwera kale kufika pamene mphunzitsi sangaulote nkomwe. Tsono munthu akaona galimoto ya dzina lochuka iri pa mtengo wogwetsa, ayambe wadzifunsa chimene olemerawo aikanira. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Galimoto yogulitsidwa pa okushoni ku Japan imakhala ndi chipepala cholembedwapo zilema zake ndi giredi yake. Giredi 4 ndi yabwino. Chilembo R chimatanthauza kuti inachitapo ngozi nikonzedwa. Wogula afune chipepala chimenechi, ndiponso afune zithunzi za kunsi kwa galimoto, chifukwa yochokera kumpoto kwa Japan, kumene amathira mchere ndi mankhwala m'miseu nyengo ya chisanu, imabwera ndi dzimbiri losaoneka pamwamba.

MTENGO WA PA CHIPATA

Magalimoto ambiri amatsikira pa doko la Dar es Salaam nalowa m'dziko muno pa Songwe m'boma la Karonga; ena amadzera ku Durban kapena ku Beira. Kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Zomba ndi ulendo woposa makilomita 1,500, ndipo mafuta a ulendowo, malipiro a dalaivala, ndi a ejenti woombola katundu, zonsezo ziri pa mutu pa wogula.

Pa chipata pamakhala a Malawi Revenue Authority. Msonkho wao umayang'ana zinthu ziwiri makamaka: kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. Galimoto ya liwiro yakale imagwa m'mbuna zonse ziwiri, pakuti injini yake ndi yaikulu ndipo zaka zake ndi zambiri. Ena amadandaula, koma tiyenera kumvetsa cholinga cha Boma. Ndarama zakunja zimene zimagula galimoto ndi zomwezo zimene zimagula feteleza, mankhwala a m'zipatala ndi mafuta. Nchifukwa chake galimoto yongosangalatsa mwini wake ilipira koposa yonyamula odwala kapena mbeu. Munthu wanzeru amayamba wafunsa ku ofesi ya msonkho asanatumize tambala ndi imodzi yomwe ku Japan.

Palinso nkhani ya mphamvu ya kwacha. Mu May 2022 ndarama yathu inatsitsidwa ndi 25 pa 100 ali yense, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 pa 100, pamene dola imodzi m'mabanki inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Kunena mwachidule, chitsulo cha madola 100 chimene dzulo lake chinali K118,000 chinadzuka chiri K170,000. Amene galimoto yake inali pa nyanja masiku amenewo anaona chimene chinameta nkhanga mpala. Pamwamba pa izi aonjezerepo kulembetsa nambala ku nthambi ya Boma yoona za pa mseu, chiphaso cha COF, ndi inshulansi, imene lamulo limakakamiza.

MTENGO WA MWEZI NDI MWEZI

Apa ndi pamene pagona nkhani. Choyamba ndi mafuta. Tiyerekeze kuti kagalimoto kakang'ono monga Vitz kamayenda makilomita 15 pa lita imodzi, ndipo ya turbo imayenda 8. Kupita ku Blantyre ndi kubwerera ku Zomba ndi makilomita pafupifupi 130. Woyambayo adzathira malita 9. Winayo malita 16. Onse awiri adzadutsa pa Thondwe ndi pa Namadzi pang'onopang'ono chimodzimodzi, chifukwa msika, njinga ndi apolisi sizisankha dzina la galimoto. Ndipo masiku amene mafuta anasowa, monga mu 2011 ndi 2012, kenakanso mu 2022 ndi 2024, wa injini yaikulu ndiye anabwerera pa mzere kawirikawiri.

Chachiwiri ndi mtundu wa mafutawo. Ambiri a magalimoto awa anapangidwira petulo wapamwamba amene amagulitsidwa payekha ku Japan, pamene pa mapampu athu petulo ndi wa mtundu umodzi. Galimoto imene sinasinthidwe iri ndi kompyuta yodzichepetsera mphamvu ikamva kuti injini ikugogoda, ndipo imapirira. Koma imene mwini wake woyamba anaisintha kuti ithamange koposa, imatha kuboola pisitoni pokwera chitunda. Motero galimoto yokongoletsedwa ndi zitsulo zoonjezera, ya mpope wa utsi wofuula, ndiyo yoyenera kuithawa.

Chachitatu ndi oyilo. Injini ya turbo imatentha kwambiri, ndipo imafuna oyilo wabwino wosinthidwa pa makilomita 5,000 ali onse. Oyilo woyezera m'botolo m'mbali mwa mseu amaipha msanga. Mazda RX-8 iri ndi injini yozungulira, yopanda mapisitoni a masiku onse, imene imatentha oyilo pang'ono mwa chipangidwe chake. Mwini wake akaleka kumayang'ana, injini imatha, ndipo amakaniko oidziwa ndi owerengeka. Subaru ya injini ya EJ20 iri ndi lamba wa m'kati, amene amakaniko amati tayimingi beluti, wofunika kusintha pa makilomita 100,000. Akaduka galimoto iri pa ulendo, mavavu amapindika, ndipo kukonza kwake kumaposa malipiro a mwezi.

Chachinai ndi matayala. A galimoto ya liwiro ndi opyapyala m'mbali, ndipo dzenje limodzi limatupitsa tayala ndi kupinda limu. Subaru WRX ndi Lancer Evolution zimakoka ndi miyendo yonse inai, choncho matayala ake ayenera kukhala ofanana kukula ndi kutha kwake; kuika limodzi lachilendo kumaononga magiya a pakati. Chizolowezi chathu chogula tayala limodzi la kaunjika mwezi uno, lina mwezi wa mawa, pano sichigwira nchito.

Chachisanu ndi zitsulo zosinthira. Cha Corolla chimapezeka mu Zomba momwe muno. Cha Altezza kapena Mark X munthu angachipeze ku Limbe, ku Ndirande kapena ku Biwi ku Lilongwe, chifukwa ndi za banja la Toyota. Cha RX-8 kapena Evolution kawirikawiri chimachita kuitanitsidwa ku Johannesburg, ku Dubai kapena ku Japan, ndi madola, galimoto iri chikhalire. Amene amayenda m'Matawale, m'Chinamwali ndi m'Sadzi anaonapo galimoto yokongola itakwezedwa pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira. Mwini wake sikuti anali wopusa ai. Anawerenga mtengo woyamba ndi wachiwiri, naiwala wachitatu. Ndipo ngati anaigula ndi ngongole, ngongoleyo imadulidwabe pa malipiro ngakhale galimoto isakuyenda. Walira mvula walira matope.

PHIRI NDILO MPHUNZITSI

Chimene chimakopa anyamata athu ndi mseu wa ku Ku Chawe, wokhotakhota, wokwera m'mbali mwa phompho. Kale kunali miseu iwiri, wokwerera ndi wotsikira, chifukwa cha kuchepa kwake. Lero magalimoto amakumana, ndipo si magalimoto okha. Muli amai osenza nkhuni, abambo otsika ndi njinga zolemedwa ndi mitengo zimene mabuleki ake ndi nsapato, ana ogulitsa zipatso za m'phiri, ndi malole a matabwa. Chiperoni chikabwera, nkhungu imatseka mseu kotero kuti munthu saona ngakhale pa mtunda woponya mwala.

Makampani a ku Japan anagwirizana kuyambira 1989 mpaka 2004 kuti asalengeze mphamvu yoposa akavalo 280, ndipo magalimoto a kwaoko amamangidwa kuti asapitirire makilomita 180 pa ola. Mu Zomba mulibe mseu ndi umodzi womwe umene lamulo kapena nzeru zingalole munthu kuyandikira liwiro limenelo. Potsika phiri luso siliri pa mafuta koma pa giya: woyendetsa aike giya yotsika kuti injini igwire galimoto, chifukwa mabuleki opondedwa kosalekeza amatentha nkuleka kugwira pamene akufunika koposa. Pokwera, akafika pamwamba, ailole injini ya turbo ilire pang'ono asanaizimitse.

Chodabwitsa nchakuti malo okongola koposa a pa phirilo galimoto yotere siifikako bwino. Njira zopita ku Queen's View, kumene kunachedwa dzinali pokumbukira ulendo wa Mai wa Mfumukazi ya ku Britain mu 1957, ndi ku Emperor's View, kokumbukira Haile Selassie wa ku Ethiopia mu 1965, ndiponso ku Chingwe's Hole, ndi za dothi ndi miyala. Galimoto yogwada imakhula mimba pansi, ndipo mwala umodzi ungaboole sampu, oyilo yense nkutayika. M'tauni namonso zitunda zochepetsa liwiro zimaikhula tsiku ndi tsiku.

ZOYENERA KUCHITA

Sitikuletsa munthu kukonda chinthu chopangidwa mwaluso. Amene wagwira nchito mokhulupirika ali ndi ufulu wodyerera thukuta lake. Koma wofuna galimoto yotere achite izi. Asankhe ya injini yopanda turbo, ya mtundu umene zitsulo zake zimapezeka m'dziko muno. Ngati ikugulitsidwa konkuno, apite ndi makaniko wake, osati wa wogulitsa, ndipo aifike m'mawa injini iri yozizira, kuti aone utsi ndi kumva kulira kwake koyamba; safunsa anadya phula. Asathere ndarama zonse pogula, koma asunge zokwanira matayala anai, oyilo, lamba ndi mabuleki, chifukwa zimenezi zidzafunika chaka choyamba chisanathe. Asapite kwa akatapila. Ndipo akhale pansi ndi a kunyumba, alembe fizi ya ana, lendi, chimanga ndi feteleza wa kumudzi, aone chimene chatsala.

Chikatsala chokwanira, agule, ayendetse modekha, ndipo apereke moni kwa amai a nkhuni pokumana nao pa khona. Chikapanda kutsala, phiri la Zomba silisamuka. Lidzakhala pomwepo chaka cha mawa, ndipo amene akwera ndi kagalimoto kakang'ono, ngakhale ndi mapazi, akafika pa Ku Chawe amaona chigwa chomwecho ndi phiri la Mulanje lomwelo.