Kodi mfuti ingalire yokha?

Tangoganizani wapolisi akutsika m'galimoto, mfuti ili m'thumba lake la m'chiuno, manja ali kutali nayo. Mwadzidzidzi mfutiyo yalira, chipolopolo chalowa m'ntchafu mwake. Wolakwa ndani, munthuyo kapena mfutiyo? Funso limeneli lavuta ku America mpaka lafika kumakhoti.

Mkanganowu ukukhudza mfuti yaing'ono ya m'manja yotchedwa P320, ya kampani ya SIG Sauer. Inatuluka mu 2014, ndipo mu 2017 asilikali a dzikolo anaisankha kuti aziigwiritsa ntchito. Chaka chomwecho zinadziwika kuti ikagwa pansi mopendekeka imatha kulira, choncho kampaniyo inapempha eni ake kuti aitumize ikasinthidwe zitsulo zina mwaulere. Koma madandaulo sanathe. Mu 2023 atolankhani a Washington Post ndi The Trace anapeza anthu oposa 100 amene anati mfutiyi inalira iwo asanakoke kachitsulo kowombera, ndipo osachepera 80 anavulala.

Kuti mumvetse pagona nkhani, dziwani kuti m'kati mwa mfuti muli kamsomali kokankhidwa ndi sipuling'i, kamene kamamenya kumbuyo kwa chipolopolo kuti onga uyake. Mu P320 yotchera, sipuling'iyo imakhala yokokedwa kale, kungodikira kumasulidwa. Mfuti zina zili ndi loko wakunja womasula ndi chala chachikulu. Za Glock zili ndi kalilime pa kachitsulo kowombera, kamene chala chiyenera kukanikiza kaye. P320 ya asilikali ili ndi loko wakunja, koma zambiri zogulitsidwa kwa apolisi ndi anthu wamba zilibe loko kapena kalilimeko.

Ovulala akuti mfuti yotere inafunika chotchinga chakunja. Kampaniyo ikukana, ikuti maloko a m'kati ndi okwanira ndipo mfutiyi singalire pokhapokha chala, chovala kapena chinthu china chitakoka kachitsuloko. Enanso amati loko wakunja amachedwetsa wapolisi pamene moyo wake uli pachiswe. Mu Novembala 2024, khoti la ku Philadelphia linalamula kampaniyo kupereka chipukuta misozi cha madola 11 miliyoni kwa bambo wina amene anavulala mwendo, koma kampaniyo sinagwirizane ndi chigamulocho.

Kwa ife achipatala, chodetsa nkhawa ndi malo amene chipolopolo chimalowera. Mfuti ya m'chiuno imaloza kuntchafu, komwe kumadutsa mtsempha waukulu wa magazi. Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5, ndipo mtsempha umenewu ukang'ambika angathe kumwalira m'mphindi zochepa chabe.

Mukaona munthu wavulala chonchi, mugonekeni pansi n'kukanikiza pabala mwamphamvu ndi nsalu yoyera, osasiya. Nsalu ikanyowa musaichotse, onjezerani ina pamwamba. Ngati magazi akutumphabe, mangani chitenje chopinda kumtunda kwa balalo, lowetsani kamtengo n'kupotokola mpaka magazi asiye, ndipo lembani nthawi imene mwamanga. Musamasule, musathire dothi kapena mankhwala azitsamba, musayese kuchotsa chipolopolo, ndipo musamupatse chakudya. Thamangani naye kuchipatala.

Ndipo ngati ntchito yanu ndi yonyamula mfuti, muziiona ngati yotchera nthawi zonse, ngakhale mutatseka loko ndi dzanja lanu lomwe.